Njere za Cham'mwamba m'Kachasu

Lolemba
Mawondo akulira ngati chitseko chakale. Mdzukulu wanga Tadala, uja ali kukoleji, akuti m'njere za cham'mwamba muli zinthu zoletsa thupi kuchita dzimbiri. Dzimbiri! Kodi ine ndine khasu? Akuti ndisinje, ndiviike, mphamvuyo ituluke. Chabwino.

Lachiwiri
Ndasinja. Mayi akunyumba akukalipa, ati mtondo wawo wa nsinjiro tsopano ukuwawa. Ndaviika m'madzi ozizira: palibe. Ofunda: palibe. Owira: phala! Nanga mphamvuyo imaoneka bwanji? Ili ndi mtundu?

Lachitatu
Tadala pafoni: "Agogo, madzi okha sakoka zonse. Kusukulu timaviika mu mowa woyera wa m'labu, koma..." Foni yathima. Koma chiyani? Mowa woyera umene ndikuudziwa kuno ndi umodzi basi. Ndipo ine ndine mkulu wa mpingo, chibadwire sindinalawepo.

Lachinayi
Kwa Nachisale wotcheza kachasu, kuseri kwa Nsaru. Ndadzera m'minda ya fodya, botolo m'jekete. Potuluka, ndi awa amayi a chigwirizano, onse, mabulauzi mbee! "Mwaswera bwanji, abambo?" Maso ali pajekete. Ndikuti ndi za dzimbiri. Palibe waseka.

Lachisanu
Ufa wa njere uli m'kachasu. Wasanduka wachikasu. Ndiyo mphamvuyo kodi, kapena waonongeka? Padzuwa? Pamthunzi? Ndagwedeza, chotsekera chauluka, nyumba yonse fungo lokhalokha. Tadala wapezekanso: "Ndimati musayese kunyumba! Ife mowawo timauchotsa ndi makina." Ukunena lero?

Loweruka
A Mbewe, mkulu mnzanga, atumidwa kudzafufuza. "Achimwene, mwagwa eti?" Ndikuti ndi mankhwala awa, lawani nokha mukachitire umboni. Supuni imodzi. Ati sanamvetse bwino. Ina. Inanso. Kuchoka pano alunjika kwa abusa kukafotokoza kuti ndilibe mlandu. Akuti amalankhulira pafupi kwambiri ndi mphuno ya abusa.

Lamulungu
Pampando wanga wakutsogolo pakhala wina. Ine benchi yakumbuyo, pamodzi ndi amayi a makanda olira, mpaka akulu adzakhale pansi pa nkhani yanga. Tsiku lake silikudziwika. Pambali panga a Mbewe, nawonso aimitsidwa, nkhope ili gwaa. Ndikuti munthu wandida uyu. Pakati pa nyimbo akundigunda ndi chigongono: "Msana wanga unkandiwawa, koma wasiya, achimwene. Kamankhwala kaja katsalako?"

Kaya. Ndawauza abwere ndi supuni yawo.