Chiwongolero Cholobodoka ku Kaporo

Pali zinthu zina zimene munthu ukazikumbukira uli wekha mumsewu umangopezeka wafuula kuti "aa!" anthu n'kutembenuka. Ine changa chinachitikira ku Kaporo. Papita zaka zambiri, koma thukuta limandituluka ngati ndi dzulo. Lero ndiulule basi, mwina mtima upepukako.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene polowa mumsika ankayamba akufunsa khadi la chipani. Boma linanditumiza ku Karonga kukagwira ukalaliki ku ofesi ya zaulimi, ine mwana wa ku Dowa. Kumeneko ndinakwatira mkazi wachinkhonde wa ku Kaporo, tinabereka mwana wamkazi dzina lake Tusekile. Chinkhonde ndinkadziwa mawu awiri okha, "mwaghona" popereka moni ndi "ndagha" pothokoza (zina zonse ndinkayankha ndi mano).

Apongozi anga aakazi sankandida, koma sankandiwerengera. Anali mayi wamasiye wamphamvu zake, wolima mpunga, woyendetsa yekha ngolo ya ng'ombe, komanso mtsogoleri wa amayi a chipani m'dera lawo. Mkamwini wopanda khola, wongodziwa kudinda mapepala, kwa iwo anali khasu lopanda mpini. Ine ndinkawaopa. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, ndipo ulemu umenewo ndinapita nawo ku Kaporo osachotserako. Zaka zitatu tinkalankhulana kudzera mwa mkazi wanga. Chimene mtima wanga unkafuna chinali chimodzi: tsiku lina mayi amenewa adzanene kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mwamuna weniweni.

N'chifukwa chake ndinagula galimoto, kapikapu kakale ka mphunzitsi wina amene ankabwerera kwawo. Mwezi sunathe, kutsogolo kunayamba kulankhula. Ndikaponda dzenje, gu! Ndikakhota, gugu!

"Bambo a Tusekile, chikugogodacho n'chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndi jeke, ikugubuduka."

(Jeke inali kumbuyo, phokoso linali kutsogolo, koma ndinayankha ndi mawu a munthu wodziwa.) Ndinaimanga jekeyo ndi mphira. Gugu. Ndinalimbitsa manati a matayala mpaka manja kutupa. Gugu. Kenako chiwongolero chinayamba kulobodoka. Unkachipotoza zala zinayi zathunthu matayala osamva kanthu, ndipo pamsewu wafumbi galimoto inkayenda ngati yalawa kachasu.

Ndinagonja n'kupita kwa fundi wina pa boma, mdala amene anaphunzira umakaniko ku Tanzania. Anangogwedeza chiwongolero kamodzi n'kupukusa mutu.

"Bwana, iyi si nthabwala yayi. Iyi imapha. Pamafunika anthu awiri. Mmodzi agwedeze chiwongolero uku ndi uku, pole pole, mosathamanga. Wina agone pansi, agwire ndi dzanja mfundo zonse za tayirodi, chitsulo chija chimakoka tayala. Pamene pakugogoda, dzanja limva. Isiyeni pano, mubwere Lachiwiri."

Ine mumtima ndinati, nzeru ndaimva kale yonse, galimoto ndisiyirenji? Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa bwinobwino, koma phula ndinalidyabe.

Komanso panali chifukwa china. Loweruka lake amayi onse anaitanidwa ku boma kukayeserera magule, ndipo lole yowatenga inali itafa. Masiku amenewo mtsogoleri wa amayi akajomba zoterezi, chifukwa chake ankakachifotokoza kwa anthu osaseka. Ndinatumiza mawu mwachangu kuti apongozi asavutike, mkamwini wawo adzawatenga. Mwayi wanga unali utafika.

Loweruka m'mawa tinanyamuka. Titatsala pang'ono kufika pakhomo pa apongozi, ndinaponda dzenje, gugu, galimoto n'kulunjika yokha kunthochi za eni ake. Ndinaibweza mwa chisomo. Apo mantha anandigwira zenizeni. Kugwetsera apongozi m'dimba la mpunga sindiko kutchuka kumene ndinkafuna.

Ndinaimika pansi pa mtengo wa mango. Apongozi anali m'nyumba akuvala, ndiye ndinanong'oneza mkazi wanga kuti tikonze msangamsanga iwo asanatuluke. Iye anagoneka mwana pamphasa, n'kuima panja pa chitseko cha galimoto, manja atalowetsa pawindo kugwira chiwongolero. Ine ndinavula malaya n'kukwawira pansi. Kuchokera pamene ndinagona ndinkangoona mapazi ake ndi m'mphepete mwa nsalu ya chipani imene anavala.

"Gwedeza!"

Anagwedeza, koma mofooka. Ndinagwira mfundo yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Fumbi m'maso, girisi pamphuno. Kenako Tusekile analira. Ndinamva mawu angapo a Chinkhonde akunong'onezedwa, mapazi anachoka, mapazi anabwera. Nsalu yomweyo. (Inu amene munabadwa mochedwa, dziwani kuti tsiku la magule amayi onse, mwana ndi make, ankavala nsalu imodzimodzi.)

Kugwedeza kunasintha. Kunali kwamphamvu, kodekha, uku ndi uku monga ananenera fundi.

"Eya! Tsopano ndiye ukugwedeza ngati munthu wadya," ndinatero. "Poyamba paja umachita ngati ukusisita mphaka."

Chiwongolero chinapitiriza kugwedezeka.

"Kumanzere! Iwe, kumanzere sukukudziwa? Unkapita kusukulu kukatola mango?"

Chiwongolero chinapita kumanzere.

"Fulumira, amayi ako asanatuluke. Pakamwa pawo ukupadziwa, akayamba sapuma ngati chigayo. Mpunga wonse wa ku Kaporo udziwa kuti galimoto ya mkamwini ndi chitini."

Chiwongolero chinaima pang'ono, n'kuyambiranso. Ndinasunthira kudzanja lamanja, ndinagwira mfundo ya pafupi ndi tayala, ndipo pomwepo chinandimenya m'chikhatho: gu, gu, gu. Nati inali itamasuka, kapini kotsekera kanagwa kalekale. Abale, chimwemwe chake! Ine kalaliki ndapeza matenda a galimoto ndi dzanja langali. Ndinatulutsa mkono kunja, ndinagwira mwendo umene unali pafupi, ndinaugwedeza mwachikondi, n'kukodolanso kachidendene.

"Ndachipeza, mkazi wanga wokongola iwe!"

Chidendenecho chinali cholimba. Chinali ndi ming'alu ya munthu amene wakhala m'matope a mpunga zaka makumi angapo. Dzanja langa linadziwa mutu usanadziwe. Ndipo kuchokera pamwamba kunatsika mawu amene m'zaka zitatu anali asanalankhulepo kwa ine mwachindunji.

"Bambo a Tusekile, mwachipeza?"

Ndinadzidzimuka, mutu n'kugunda chitsulo. Sindinamve kuwawa. Ndinagona pomwepo ndikuyang'ana girisi, ndikuganiza mozama ngati munthu angathe kukhala pansi pa galimoto mpaka kupuma pantchito. Chapatali ndinkamva mkazi wanga akuyamwitsa mwana uku akutsamwa ndi phwete.

"Kuli kudzanja lamanja, eti?" anapitiriza apongozi. "Ine ndamva m'manja kale chomene, koma mwati ndipite kumanzere, ndiye ndapita. Ngolo yanga ikatere ndiye kuti pini yagwa. Dikirani."

Mapazi anachoka, anabweranso. Msomali unagwa pafumbi pafupi ndi khutu langa. Ndinamanga nati, ndinalowetsa msomali pabowo la pini, ndinaupinda. Iwo anagwedezanso chiwongolero osauzidwa. Zii. Gugu anatha, kulobodoka kunatha.

"Ndagha," ndinatero ndi mawu a mwana wodwala.

Ndinatulukira mbali inayo, ndinavala malaya chopenyera kunthochi. Ulendo wonse wa ku boma palibe anatsegula pakamwa. Apongozi anakhala kuchitseko, mkazi wanga pakati ndi mwana, mapewa ake akunjenjemera ndi kuseka kobisa. Kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka phokoso lija litabwerera kuti tipeze chomvetsera, koma galimoto inkayenda mwaulemu.

Tinafika ng'oma zisanayambe. Amayi anzawo anathamangira kudzawalandira, akululuta kuti mtsogoleri wabwera pagalimoto. Apongozi anatsika, anakonza nsalu yawo, n'kutembenukira kwa mwana wawo. Sanalankhule Chinkhonde. Analankhula Chichewa chomveka bwino kuti ndisaphonye liwu.

"Uwauze amuna ako kuti galimoto akonza bwino, manja ali nawo. Uwauzenso kuti chigayo chikudikira. Loweruka likudzali abwere ndi ankhoswe awo, ndi mbuzi yopepesera."

Mbuzi ndinapita nayo, yonenepa, ndipo ndinagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi. Koma ndisaname, mawu aja akuti "manja ali nawo" ndinawasunga, ndipo mbuzi iwiri ndikanapereka. Za tayirodi ndinaphunzira, ndipo anzanga ambiri ndawathandiza. Kungoti mpaka lero ndikagona pansi pa galimoto, ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndafunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani, kodi ali pamwambapo ndani?"