Magazi a pa Malaya a Spencer

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Chitetezo cha Alendo,

Bwana, ndagwada. Ndine Esteri wa ku Likhubula, mkazi wa a Spencer onyamula katundu wa alendo m'phiri, amene mukuwasunga bwino m'chitokosi sabata yachitatu ino. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, changu chanu. Mzungu wamkazi uja, amene anabwera ndi mwamuna wake kudzasangalalira ukwati wawo wa masiku asanu, ataphedwa kumathithi, anyamata anu anafika mawa lake lomwelo. Phiri ndi lalitali, nsapato zawo n'zopolisha, ndiye anadikira m'munsi. Amene anakwera ndi a Spencer ndi anzawo atatu. Anatsitsa mtembo pamachira maola asanu, a Spencer atagwira chakumutu kunali bala.

Chachiwiri, nzeru zanu. Anyamata anu atangoona magazi pamalaya a amuna anga, kufufuza kunathera pomwepo. Ife osapita kusukulu tinkaganiza kuti wonyamula munthu wa bala amadontheredwa magazi. Tinkaganizanso kuti anthu khumi amene anali nawo pamzere wodikira alendo tsiku lonse limenelo ndi mboni. Pepani umbuli wathu.

Chachitatu, ulemu wanu. Mwamuna wa malemu, yekhayo amene anali ndi mkazi wakeyo kumathithiko, munamupatsa tiyi wathu wa ku Mulanje kuno n'kumuperekeza kubwalo la ndege. Inde, kufunsa mlendo mafunso n'kuipitsa mbiri ya dziko.

Chachinayi, kwathu kuno wonyamula maliro amayamba wasamba asanagwire mwana. A Spencer munawatenga asanasambe, koma musadandaule, mwambo mwatisungira. Rosie wathu wayamba kukwawa, bambo ake sanamugwirebe. Mtima ukundiwawa, Bwana, ndipo ndili ndi mantha kuti mwanayu ayamba kuyenda bambo ake akadali m'manja mwanu.

Sindikupempha kuti muwamasule, ndine yani ine? Makolo a mtsikana uja aika mwana wawo m'manda chifukwa a Spencer anamutsitsa, koma onyamula katundu anzawo onse pano aphunzirapo. Agwirizana kuti mlendo wina akadzafera m'phiri, sadzamukhudza. Choncho pempho langa n'laling'ono: tsiku limenelo mudzakwere nokha kukamutenga. Njira ndidzakulozerani. Musadzaiwale malaya osinthira.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kutupa,
Esteri, ku Likhubula