Apongozi pamwamba pa masitepe atatu

Mpaka lero ndimakana kuti wolakwa ndinali ine ndekha. Pa nkhaniyi pali mzungu wa ku Corby, pali a Yusufu a ku Highfields, palinso amene anaganiza zopanga galimoto yaitali ngati nkhokwe. Koma poti amene anaphwetsa matayala a galimoto yake yomwe masanasana, aneba akuonerera, ndine, ndiye ndiifotokoze ndekha ena asanaithire nsinjiro.

Ine kunenerera mtengo ndinakuphunzirira mumsika wa kaunjika ku Lilongwe. Kwa ine mtengo woyamba ndi moni chabe. (Akazi anga, a Nabanda, anasiya kupita nane ku msika wa m'tauni muno mu Leicester tsiku limene ndinanenerera anyezi mpaka wogulitsa anandipatsa ulere kuti ndizipita.)

Chaka chatha ndinaona pikapu ikugulitsidwa ku Corby, tauni ina ya konkuno, kumbuyo kwake atakwezako kanyumba: bedi, katebulo, kasitovu ka gasi, khomo lili kumbuyo. Eni ake amati kampa. Mwini wake ndinamunenerera maola awiri, nkhope yake n'kufiira ngati tomato wa ku Ntcheu. Pomaliza anavomera. Kenako anatenga sipanala, n'kumasula masitepe okwerera m'kanyumbamo, n'kukawatsekera m'galaja.

"Pamtengo umenewo uziuluka," anatero m'Chingerezi.

Mwano wake umenewo! Koma ndinangoseka. Masitepe n'chiyani kwa munthu amene wapeza nyumba yathunthu pamtengo wa njinga?

Khomo la kanyumbako linkandifika m'chiuno. Mawa lake ndinapita kwa a Yusufu, bambo wa chimwenye wobadwira ku Limbe amene ali ndi sitolo ya zitsulo ndi za magalimoto ku Highfields. Chichewa chawo ndi chakale, chokoma, koma pa mtengo ndi mwala.

"Mwayeza kutalika kwa khomo, achimwene?"

"Ndayeza. Mpaka apa." Ndinaloza lamba.

"Lamba si tepi. Mukadya amakwera, mukagona ndi njala amatsika."

Anali ndi mitundu itatu. Oyamba anali masitepe asanu opinda, okhala ndi chogwirira m'mbali, onyezimira ngati a ndege, mtengo wake wa ndegenso. Achiwiri anali sitepe imodzi yomangirira pachitsulo chokokera ngolo, yoyenera anthu a miyendo ya kakowa. Achitatu sanawatulutse ndi iwo, ndinawaona ndekha pakona atadzaza fumbi: masitepe atatu, mbali imodzi yopindika pang'ono. Mtima wanga unati, ako ndi amenewo. Chinthu chopindika chimabwera ndi mtengo wopindika.

"Azikwera ndani?" a Yusufu anafunsa.

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje. Lamulo loyamba la kunenerera ndi lakuti usamuonetse wogulitsa kuti uli ndi vuto. Tikiti ya apongozi anga inali itagulidwa kale, ankabwera mwezi wotsatira. Koma ndinayankha ndi nkhope youma.

"Ine ndekha."

"Amayi a kunyumba? Alendo ochokera kumudzi? Paja munthu wa chitenje phazi lake silipita patali."

"Kwathu onse ndi a mathalauza."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino, achimwene a mathalauza. Koma zapakona sizibwezedwa."

Ndinatuluka nditawasenza, ndikuimba mluzu. Nditawamangirira kunyumba ku Evington, ndinapeza kuti sitepe yomaliza ikulendewera m'mwamba, pafupi ndi bondo langa. Ndinadumpha n'kukwera, kudumpha n'kutsika. (Ena amalipira mwezi ndi mwezi ku jimu kuti azichita zomwezi.) A Nabanda anayang'ana n'kunena kuti, "Amayi akwera bwanji pamenepo?" Ndinati tikaona.

Apongozi anafika kuchokera ku Ntcheu. Zaka khumi ndi zinayi chikwatire mwana wawo, sindinawagwirepo dzanja. Moni wathu ndi wa m'manja, patali, maso pansi. Kumudzi zimenezi n'zosavuta, bwalo ndi lalikulu. Koma nyumba za kuno makonde ake ndi a mbewa. Tikati tikumane pakhonde, ine ndimalowa m'bafa n'kudikira adutse. Sabata yoyamba ndinalowa m'bafa kambirimbiri mpaka anafunsa mwana wawo ngati ndatsegula m'mimba.

Loweruka lina m'mawa a Nabanda, atavala kale yunifomu yawo ya unamwino, anati awaonetse amayi awo kanyumbako. Anawakankha kumbuyo, hiii, mpaka analowa. Ine ndinali kuseri kwa mabini, maso kumpanda, mwaulemu. Apongozi anakakonda. Anakhala pakatebulo, mwana wawo n'kuwatengera fulasiki ya tiyi ndi mapilitsi awo a BP. Posakhalitsa hutala inalira pamsewu, mnzawo wa a Nabanda wa ku wodi atabwera kudzawatenga.

"Akatha tiyi muwatsitse amayi!" anakuwa a Nabanda, mwendo umodzi uli kale m'galimoto.

Muwatsitse. Ngati ndi thumba la mbatata. Ndipo aliyense wokwatira namwino akudziwa kuti shifiti ikayamba, foni imagona mu loka mpaka madzulo.

Patapita kanthawi ndinamva kutsokomola. Ndinasendera chambali ngati nkhanu, n'kuima pafupi ndi tayala, msana kukhomo.

"Akamwini."

"Wawa."

"Pansi pali patali."

Ndinaganiza msanga. Kuwagwira dzanja, ayi. Kuima pansi n'kumayang'ana m'mwamba apongozi akutambasula mwendo, bola kufa. Kuwasiya okha ali m'malere ine n'kukakhala m'nyumba, nanga atagwa? Mbiri yake ikafika ku Ntcheu, ndi ankhoswe angati angandiombole? Ndinatsimikiza mumtima kuti pamenepo sindichokapo mpaka apongozi aponde dothi, ulemu wawo ndi wanga uli wathunthu.

Ndinayamba ndi bokosi la pulasitiki lotayamo mabotolo, lomwe linali pomwepo. Ndinaliika pansi pa sitepe ndikuyenda chafutambuyo, n'kuliyesa ndekha kaye. Phwaa! Mwendo unalowa mpaka m'katumba.

"Mwavulala, akamwini?"

"Ayi wawa, ndimayesa."

Ndinathamangira m'khichini, mphindi imodzi yokha, n'kubwera ndi matumba awiri a ufa, aja timagula ku sitolo ya zakwathu. Ndinawasanjikiza bwinobwino. Kenako mawu anatsika kuchokera kumwamba.

"Ine ndiponde chakudya?"

Phokoso lija linatulutsa neba wanga wachizungu, Kevin, kapu ya tiyi ili m'manja. Kevin ndi munthu wabwino, anapuma pantchito yozimitsa moto, koma za mwambo ndi mwana wakhanda. Nditamufotokozera, anaika kapu pampanda n'kupinda malaya.

"Zophweka izi. Ndawatsitsapo ambiri pawindo. Ndingowanyamula paphewa."

Ndisanamugwire anali atafika kale pakhomo, manja atatambasula, akuwaitana apongozi anga, mayi wa mvano, kuti "wokondedwa". Chingerezi sachimva, koma manja aja anawamva. Chitseko chinatsekedwa, loko n'kulira.

Panatenga mphindi makumi awiri ndikupepesa kudzera pa kawindo, ndikuyang'ana kumbali, kuti atsegulenso. Kevin sanapite. Anabwerera pampanda pake n'kumaonerera, akupereka malangizo.

Ndinayesa kuimbira foni amayi a kumpingo. Apa ndiye mkwiyo unandikwera. Mzinda wonse wa Leicester, amayi a Chimalawi ambirimbiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene anali pakhomo! Wina ali pa shifiti ku wodi, wina akusambitsa nkhalamba ku Corby, wina foni yozima poti anagwira ya usiku. Wina anayankha monong'ona ali m'chipinda cha mankhwala, n'kuseka mpaka foni inaduka.

Ndiye nzeru ya matayala inabwera. Ngati apongozi sangatsikire pansi, galimoto itsike ndiyo. Ndinagwada, n'kuphwetsa akumbuyo onse awiri ndi kiyi. Fyuuu. Makatani a nyumba za tsidya la msewu anayamba kugwedezeka. Galimoto inatsikadi, ndi zala zinayi. Kanyumba kanapendekekera kumbuyo, fulasiki n'kugubuduzika kutuluka pakhomo, kudutsa pafupi ndi khutu langa.

"Akamwini, galimoto yanu ikumira."

"Ayi wawa, ndi dala."

Inali itakwana leveni koloko. Kenako kunamveka kutsokomola kwachiwiri, kotsika.

"Akamwini. Tiyi uja anali wambiri."

Amene amadziwa zimene mapilitsi a BP amachita m'thupi amva kulemera kwa mawu amenewo. M'kanyumbamo mulibe kodzithandizira. Thukuta linandituluka m'dziko lozizira lino. Lumbiro langa losachokapo linathera pomwepo.

"Kevin, liza galimoto yako! Ku Highfields!"

A Yusufu anandiona ndikulowa, mwendo wa thalauza utang'ambika, ufa uli m'malaya.

"Aa, achimwene a mathalauza! Lero tinenerera chiyani?"

"Asanu aja. A chogwirira."

"Azikwera ndani?"

"Si kukwera. Kutsika. Apongozi."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Anaitana akazi awo kuseri kuti adzamve nawo. Kenako anatchula mtengo, womwe uja wa ndege, osachotsera ngakhale kakobiri ka chisoni. Pakamwa panga panatseguka pokha, mwa chizolowezi. Iwo anakhala pampando n'kupinda miyendo.

"Nenererani, achimwene. Ine nthawi ndili nayo. Kaya apongozi."

Ndinalipira. Mtengo woyamba! Ine! Ndinakhudzitsa khadi, makina aja n'kulira mosangalala ngati akundiseka. Munthu wochita malonda pa tsoka la mnzake ngati ameneyu sindinamuonepo. (Inde, ndikudziwa zimene ndinamuchita mzungu wa ku Corby. Zimenezo n'zina.)

Tinabwerera liwiro. Ndinatsika galimoto isanaime bwino, masitepe paphewa, chogwirira chikundimenya m'mutu.

Khomo la kanyumba linali lotsegula. M'katimo munalibe munthu.

Ndinayang'ana pansi pa galimoto, poganiza kuti agwa n'kugubuduzika. Ndiye ndinamva tsache. Apongozi anali pakhomo pa nyumba, atawerama, akusesa zidutswa za bokosi lija. Matumba a ufa anali atalowetsedwa kale. Nkhope yawo inali ya munthu amene mavuto ake onse atha.

Ndinagwada pomwepo, masitepe ndi onse.

"Wawa, mwatsika bwanji?"

Anayang'ana kumpanda, monga mwa mwambo, n'kuyankha mpandawo.

"Ndinangokwinya chitenje n'kudumpha. Ine ndatsika malole a kabichi pa Tsangano zaka makumi atatu, dengu lili kumutu. Aka n'kachiyani?"

"Nanga bwanji m'mawa wonse uja…"

"Ndimadikira muchokepo. Inu ndi mzungu wanuyo. Mwaima pamenepo maola atatu ngati alonda a kubanki. Mutapita kukatenga ufa ndinati mwina mpata ndi uno, ndisanagwire n'komwe chitenje mwabwera kale. Nanga ine ndikanati, akamwini chokani ndikweze chitenje? Pakamwa panga pangatuluke zimenezo?"

Anapitiriza kusesa. Kevin anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamuuza kuti akuthokoza.

Masana onse ndinakhalira kupopa matayala ndi pampu ya phazi. Madzulo a Nabanda atamva nkhaniyi anakhala pansi pakhonde, yunifomu ili m'thupi, akulira ndi kuseka. Ndili m'bafa, kumene ndinathawira, ndinamva apongozi akuuza mwana wawo kuti, "Mwamuna wako ulemu ali nawo, sindingamunamizire. Koma wachuluka. Tsiku lina adzapha nawo munthu."

Phunziro ndinalitola, kuti ulemu wina ndi wongochokapo. Kuyambira tsiku limenelo apongozi akangotsokomola, ine ndimatenga jekete n'kutuluka, kukaima pa siteji ya basi theka la ola, kaya kukugwa mvula. Vuto ndi lakuti mphepo ya kuno inawapatsa chifuwa, ndipo anakhala nafe miyezi isanu.