Chipilala cha a Pilato pa Msewu wa ku Muloza

Inu amene mumayenda msewu wa ku Muloza, tasendezani khutu kuno mumve za a Pilato Nakhumwa. Bambo amenewa anagwira ukapitawo ku esiteti ya tiyi zaka makumi atatu, ndipo atapuma analibenso womukalipira koma nkhuku za akazi awo. Matama okha ndiwo anakana kupuma.

Tsiku lina anapita ku Blantyre, nakaona zipilala zachikumbutso m'mbali mwa misewu. Anabwerako mtima uli phuluphulu.

"Janeti," anatero kwa akazi awo, "anzathu akuwamangira zipilala. Nanga agogo anga a Nakhumwa, amene anatsogolera khamu la anthu kuoloka mtsinje wa Muloza pothawa Apwitikizi, ali ndi chiyani? Olo kamwala!"

"Denga la khitchini likudontha," anayankha mai Janeti.

"Mbiri sidontha, mayi!"

Basi anaitana Yosefe, mmisiri womanga, namulozera pamphambano ya kunyumba kwawo. Yosefe anati pafunika matumba atatu a simenti. A Pilato anaseka mpaka kutsokomola.

"Limodzi lakwana. Mchenga wa kuno ndi wolimba kale, simenti ndi ndiwo chabe."

"Mwini mphuno ndiye adziwa pofwenthera," anatero Yosefe, nayamba ntchito.

Chipilala chinakwera mpaka kupitirira munthu. Pofika polemba mawu pa simenti yaiwisi, a Pilato anali chilili kumsana kwa mmisiri.

"Uyambe ndi dzina langa monga womanga. Likule, munthu aziliwerenga ali m'minibasi. Kulitsa! Uikepo chaka chimene ndinabadwa, ndi chaka chino chomangira. Kamtandanso pamwamba, ife ndife akhristu."

Yosefe analemba zilembo ngati maungu, malo n'kutha. Dzina la agogo linapanikizika m'munsi ngati nyerere zaferana. Ochokera ku Limbuli ankangoona mtanda, kenako PILATO NAKHUMWA, 1957 mpaka 2023.

Inu, kodi munthu wamaso awiri akanaganiza chiyani?

M'mawa mwake, a Pilato ali kubafa thovu lili mbuu, anamva nyimbo ya maliro ikulowa pabwalo. Anali amayi a ku mpingo, wina wasenza nkhuni, wina kalichero ka ufa. Mai Joice, mtsogoleri wawo, anagwira mai Janeti dzanja asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Pepani, anzathu. Mpaka kuika osatiuza? Koma tinene zoona, mwapuma. Malemuwa anali ovuta, ngakhale kumanda akakalipira adzukulu."

"Ndani wovuta?" anabangula a Pilato, akutuluka atamanga thaulo, thovu lili kumutu konse.

Abale! Nkhuni uko, ufa uko. Mai Joice, amene amadandaula mawondo Lamulungu lililonse, anadumpha mizere itatu ya tiyi osaikhudza.

Wina akanaphunzirapo. Koma fisi akapsa mchira amati moto ndiwo wansanje. A Pilato anamata zaka zija ndi dothi, nalengeza mwambo wovundukula chipilala. Anaitana a khansala, anaitana ovina tchopa, anatumanso kabaza akatenge azakhali awo a Marjory, mwana yekhayo wa a Nakhumwa amene adakali moyo, kuti adzachitire umboni. Chipilala anachikuta ndi zitenje ziwiri za mai Janeti, n'kuchizenga chingwe cha mbuzi. Ndiye mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, siipempha chilolezo. Inagwa masiku atatu osapuma.

Tsiku la mwambo kunacha bwino. A Pilato anavala suti ya ukwati imene mabatani ake anasiya kale kupatsana moni. Analankhula ola lathunthu, a khansala mpaka kusinza, kenako anati, "Tsopano azakhali atiuze momwe ngwazi yathu inatsogolera anthu."

A Marjory anaimirira ndi ndodo yawo, nayang'ana uku ndi uku.

"Ngwazi yake iti?"

"Bambo anu, azakhali. A Nakhumwa."

"Ooh, ababa! Eee, anaolokadi mtsinjewo, ali patsogolo. Anthu anali pambuyo pawo ambiri ndithu."

A Pilato anatukula chifuwa, nayamba okha kuomba m'manja.

"Onse ndi zibonga," anapitiriza a Marjory. "Anali a kuchipongozi kwawo ku Milanje. Ababa anali atagulitsa mbuzi ya apongozi awo kwa anthu awiri osiyana, kenako n'kuidya okha. Apwitikizi sankawadziwa n'komwe. Koma liwiro, mwanawe! Ankatiuza okha kuti madzi sanawafike m'mawondo."

Woimba ng'oma anagwa chagada ndi phwete. A khansala anadzuka n'kufunsa chimene chawapitirira.

"Azakhali atopa!" anakuwa a Pilato. "Tivundukule! Imbani ng'oma!"

Anakoka chingwe. Chinakana. Anachikulunga kudzanja, naponda mwamphamvu, nakokanso ndi ukali wonse wa ukapitawo. Zitenje zinabwera, inde, koma sizinabwere zokha. Chipilala chinawerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi, a Pilato anabwerera chafutambuyo, phazi n'kuterereka, khuu m'ngalande ya madzi a mvula. Chipilala chinawatsatira komweko n'kuphwanyika pa iwo ngati chigumu chogona. Mwayi wake mchenga supha munthu. Anawavuula akabaza awiri, wina mwendo wina kolala, ali matope mpaka m'makutu, akulavula mbiri ya makolo awo.

Lero pamalopo patsala kachitsa ka njerwa pamene akabaza amakhalapo podikira makasitomala. Koma dzina lilipo, ndipo likudziwika kuyambira ku Muloza mpaka ku Chitakale. A Pilato anayesa kulikana. Atakwera minibasi anati, "Nditsika pa Nakhumwa." Kondakitala sanapadziwe, anakawatula kuboda, iwo n'kubwerera wapansi dzuwa lili pamutu.

Ndiye masiku ano akamayandikira kwawo amanong'ona.

"Kwezani mawu, adala!" amatero kondakitala. "Mutsika pati?"

"Pagwapilato."

"Dalaivala, ima Pagwapilato! Mosamala, tanyamula eni ake!"