Gashe Azmeraw, Mlonda Wolawa Sopo

Gashe Azmeraw, amene tinawaika m'manda mvula itangotha, ankalawa sopo. Osati kungonunkhiza ayi, kulawa ndi lilime. Anaperekeza alendo m'mapiri a Simien zaka makumi atatu, mfuti yakale ili paphewa, koma palibe amene anaimvapo ikulira. Chimene alendo ankaopa ndi mawu awo a tsiku loyamba, nyulu zisanasenze katundu: "Aliyense atulutse sopo wake."

Ankanyambita mmodzimmodzi ali chitsinzinire. Wonunkhira maluwa ankamutsekera m'thumba mpaka tsiku lobwerera. Ankalola yekhayo amene amawola akalowa m'dothi, ndipo ankati lilime lawo limamudziwa. Wubalem, mayi wotiphikira pa maulendowo, anayesapo kuwapusitsa pothira sopo wamba m'botolo la sopo wowola. Gashe anangolawa n'kulavula.

"Iwe Wubalem, ndiwo zako ndazipirira zaka khumi. Lero ndiye wandikonzera zokomako?"

"Gashe, tsiku lina mudzatuluka thovu m'makutu."

"Bola m'makutu mwanga, osati m'kasupe."

Kasupeyo ali pansi pa malo amene timamanga matenti, ndipo madzi ake amatsikira kumudzi wa nyumba makumi anayi umene ulibe chitsime china. Ngakhale sopo wololedwa sankafikako. "Ameneyu amawola m'dothi," ankatero. "Nanga m'madzimu amudya ndani?" Wofuna kusamba ankatunga m'ndowa, kuyenda mapazi makumi asanu ndi awiri, kukumba kadzenje ka madzi akuda. Mapaziwo ankawerenga ndi Gashe, ndi miyendo yawo yaitali ngati ya kakowa.

Ine ndinali womasulira wa gululo. Kusukulu ya mishoni anatilangiza kuti tisamakweze munthu, choncho ndingonena zimene ndinaona. Chaka china kunabwera Ato Mesafint, mwini kampani imene inatilemba ntchito, kuchokera ku Addis Ababa. Dzuwa lili paliwombo, Gashe anawapeza ali m'dziwe la kasupe, thovu lili m'khosi.

"Ato Mesafint, tulukanimo."

"Werenga pabotolopo, mdala iwe! Ndi wowola uyu, ndinagula kunja."

"Kuwerenga sinditha. Koma kunsiku amayi akutunga."

"Ukudziwa kuti ntchito yako ili m'manja mwanga?"

Gashe anatsamiritsa mfuti pamwala, navula bulangeti, nalowa m'madzi. Munthu wolemera ngati matumba awiri a balere, woterera ngati mlamba, anamunyamula paphewa n'kuyamba kukwera chitunda akuwerenga mokweza. "Limodzi! Awiri! Musaphiriphithe bwana, mundisokoneza, tiyambiranso!" Wubalem amalumbira kuti atafika makumi anayi anaima n'kufwenkha fodya. Zimenezo ine sindinazione. Ndinaona akuwatsitsa bwinobwino pa udzu, n'kuwapatsa ndowa ndi manja awiri.

"Tsukuluzani apa, bwana. Dothi la pano ndi labwino."

Kenako Gashe anathamangira kumudzi kukauza amayi kuti atayire m'munda madzi amene atunga, adikire mpaka madzulo.

Ntchito ya Gashe inatha tsiku lomwelo. Gashe sanadandaule, anatola bulangeti lawo n'kumapita. Koma kutacha sikunabwere nyulu ngakhale imodzi. Eni nyulu onse ndi a mudzi uja, ndipo aliyense anati yake ikudwala mwendo. Katundu anakhala pansi masiku atatu. Tsiku lachinayi Ato Mesafint anatsika wapansi kukagogoda kunyumba kwa Gashe. Iwo anawalandira ndi khofi, makapu atatu monga mwa mwambo, osatchula n'komwe za padziwe. Atamva kuti abwerere kuntchito anangofunsa kuti, "Madzi osukusulira mufuna otentha?"

Alonda amene alipo tsopano ndi aulemu, ndipo amatha kuwerenga. Akaona pabotolo palembedwa kuti ndi wowola, amagwedeza mutu n'kubweza. Sabata yatha ndinadutsa pakasupe masana, ndinapeza thovu loyera likuzungulira m'mphepete mwa miyala. Kumatenti kunali phee, alendo akuyanika malaya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma mawu otero ine ndilibe. Ndinagwada n'kuyamba kuwola thovulo ndi chipewa changa mpaka zala zinachita dzanzi. Kunsi, panjira ya kumudzi, amayi anali atayamba kale kutsetsereka ndi zigubu zawo kukatunga.