Nthambi za Maliro Zimene Ndinaulutsa

Mlamu wanga anandifunsa tsiku lina tili m'galimoto kuti, "Kodi inu amake Tadala, chibadwire munapitirirapo galimoto ina pamsewu?" Anafunsa chifukwa wakabaza anali atangotidutsa, wokwera kumbuyo akutibayibitsa. Ndinangomwetulira, poti ine si munthu wa mawu ambiri. Koma lero ndinena, ndipo wokayika akafunse anthu a m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipoka kupita ku boma: pa Salima pano sipanabadwe munthu woyendetsa galimoto monga ndinkayendetsera ine.

Munali m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija nkhuku zimayenda zili kukamwa yasa. Ndinali nditapikula chambo ku Chipoka, chodzaza chibokosi, ayezi akusungunuka, amayi a malesitilanti akundidikira pa boma. Ndinaponda moto. Mukumva? Ndinapitirira ngolo, ng'ombe n'kuyang'anana kufunsana kuti chadutsa n'chiyani. Ndinapitirira minibasi, mphepo yanga n'kutseka chitseko chimene kondakitala wakhala akuchimanga ndi chingwe chaka chonse. Ndinapitirira sitima ya katundu, woyendetsa n'kutsika kukaona ngati sitima yake yaima. Ndinapitirira ngakhale kulira kwa hutala yanga yomwe, moti ndikaliza pano, phokoso lake linkadzandipeza pa mlatho wa Linthipe likupuma wefuwefu. Chithunzithunzi changa chinatsalira, chinachita kubwera pambuyo pa kabaza. Chambo m'bokosimo chinkangoyesa kuti chikadali m'nyanja ndipo kwayamba mwera.

Kenaka kutsogolo kwanga kunaoneka kapikapu kakale, kotuwa, kakuyenda ngati kakuwerenga miyala ya m'phula. Ndinaliza hutala. Ndinayatsa magetsi masanasana. Ine amene ndimaimba kwaya ya amayi, amene mwana sindimukalipira pagulu, ndinatulutsa mutu pawindo n'kuuza bambo achikulire amene ankayendetsawo kuti ngati atopa aime pamthunzi agone. Anangokweza dzanja, n'kundipatukira. Ndinaona kuti chipewa anali atavula, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Ndinadutsa, fumbi kumbuyo kwanga likukwera mpaka kuphimba phiri.

Nditafika pa boma, ndisanatsegule n'komwe chibokosi, ndinapeza nthambi ya mango itakodwa kutsogolo kwa galimoto. Siinali yothyoka ndi mphepo ayi, inali yodulidwa bwinobwino ndi chikwanje. Nthambi zotere amayala pamsewu pakagwa maliro, kuti odutsa achepetse liwiro, a njinga atsike, ndiponso okhuza adziwe polowera. Bambo aja sankagona, ankapereka ulemu. Ine ndinali nditadutsa pa siwa ngati mphenzi, n'kusesa zizindikiro zonse. Ndinatembenuza galimoto, chambo osagulitsa ngakhale chimodzi.

Sindinayende patali. Pamudzi wina ndinapeza nthambi zonse zija, mphepo yanga itazinyamula kuwoloka nazo mtsinje n'kuziyala mwadongosolo pakhomo pa nyumba ina ya malata. Mukumva? Anthu anali atadzaza kale, amayi akulira, kwaya itayamba nyimbo, adzukulu atasenza makasu, mbuzi itagona kale pansi pa mpeni. Mwini nyumba, mayi wonenepa bwino, ankadzigwetsa pansi kunena kuti amuna awo a Kamwendo anachoka m'mawa ndi kapikapu kawo kaja, iwo akhala akunena kuti kadzawapha, ndipo taonani nthambi zabwera zokha.

Kulira kuli pakati, kapikapu kaja kanatulukira pang'onopang'ono. A Kamwendo, bambo omwe aja ndinawanyoza, anaona nthambi, n'kuvulanso chipewa, n'kukakhala mwakachetechete kumbuyo kwa azibambo. Anafunsa amene anayandikana nawo kuti watisiya ndani. Munthuyo, maso ali pansi, anati ndi a Kamwendo, munthu wabwino zedi, wosadziwa kukana munthu wopempha kukwera. A Kamwendo anayamba amvetsera kaye, chifukwa zabwino zoterozo anali asanazimvepo chikwatirire. Amene anawazindikira ndi akazi awo. Misozi inauma nthawi yomweyo, n'kuyamba kuwakalipira kuti munthu wanji wochedwa ngakhale pa maliro ake.

Anthu anaseka, mbuzi n'kudzuka kuthawa. Koma a Kamwendo sanaseke nthawi yaitali. Anafotokoza kuti nthambizo n'za mayi wina wa mudzi wa kutsidya kwa mlatho, amene amuna awo anamwalira dzulo lake, ndipo panopa ali okha ndi achibale ochepa, malole akungodutsa pakhomo ngati palibe chachitika, okhuza ochokera kutali akupitirira osadziwa polowera. Mtima wanga unawawa kuposa mmene ndingalembere. Azibambo ena anayamba kufunsa kuti wachita zimenezi ndani, maso awo akuloza galimoto yanga, ine nditaima pamenepo ndi nthambi ya mango m'manja ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa.

A Kamwendo anandiyang'ana, n'kuyang'ana nthambiyo. Kenaka anati, "Anali kavuluvulu. Ndamuona ndi maso angawa. Tiyeni tikabweze za eni ake."

Nthambi tinazikweza m'kapikapu pamodzi ndi adzukulu ndi makasu awo. Amayi a kwaya anadzazana m'galimoto yanga, ena pamiyendo pa anzawo. A Kamwendo anatsogola, ine pambuyo. Abale anga, liwiro ndinalidziwa, koma kuchedwa kumene ndinachedwa tsiku limenelo sikunachitikeponso. Bilimankhwe anatipitirira, n'kutidikira kutsogolo, n'kutopa, n'kupita. Nkhuku ina inaikira mazira pansi pa galimoto yanga, n'kufungatira, n'kuswa, anapiye n'kutuluka tayala lisanazungulire kawiri. Mwana amene analowa ali kubere anatsika akufunsa za sukulu. Msewu unali mbee, wopanda chobwera kutsogolo, phazi langa likuyabwa, koma hutala sindinaikhudze. Ndinkangoona dzanja la a Kamwendo likutuluka pawindo kupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mbuzi, ndipo ndinazindikira kuti m'mbali mwa msewu umene ndinkadutsa tsiku ndi tsiku muli nyumba, muli anthu, muli mayi wogulitsa mandasi amene amaweyula dzanja kwa galimoto iliyonse.

Tinawapeza anamfedwa atakhala pakhonde, chitenje kumutu, akuyang'ana msewu. Kwaya inatsika n'kupitiriza nyimbo pomwe inalekezera. Ine ndinanyamula chibokosi kupita nacho kuseri kumene amayi ankaphika, n'kuchisiya pamenepo. Chambo chinali chikadali chozizira. Kenaka ndinabwerera kumsewu, ndinagwada pa phula lotentha, n'kuyala nthambi imodziimodzi, iliyonse n'kuitsamiza mwala.

Minibasi yoyamba kufika inachepetsa liwiro, dalaivala n'kuzimitsa wailesi. Wakabaza anatsika n'kuyamba kukankha njinga yake. Anamfedwa aja anadzutsa mutu, ndipo pamenepo m'pamene analira mokweza, amayi n'kuwazungulira.

A Kamwendo anabwera kudzaima pambali panga, chipewa chili m'manja. Anafunsa motsitsa mawu, maso ali kwina, kuti, "Kavuluvulu uja wabweza zonse, mayi?"

Ndinayala nthambi ya mango imene inatsala m'manja mwanga. "Wabweza, bambo."

Anagwedeza mutu n'kupita kukakhala ndi azibambo anzawo. Tsono wotsutsa atsutse, koma andisonyeze kavuluvulu wina pa Salima pano amene anagwadapo pa phula.