Nkhukutembo Inkafuna Mawu Anga

Usiku wathawu ndinalota zoti mukamva muziti ndayamba kusuta. Iwe Fatsani, tsamiritsa kaye gitalayo umve. Paja mukudziwa kuti a Chimbalanga, bwana wa Nyenyezi Zitatu, kampani ija yojambula nyimbo, anandichotsa Lolemba, ati nyimbo yanga ya Geti Labuluu sikugunda, ndipo ndisadzayerekeze kuiimbanso poti biti yake, zoimbira zonse zija, ndi yawo. Ndinagona nazo pamtima zimenezo.

Ndiye ndikulota ndili mu situdiyo, koma situdiyoyo ikuyenda, ili ndi kondakitala, ikulowera ku Limbe. Maikolofoni ija ndinajambulira nyimbo yakhala pambali panga, chikwama pamiyendo. Inatsokomola n'kunena kuti, "Achemwali, tsikani pano. Nyimbo yanu aimanga miyendo ku ofesi." Ndinaifunsa kuti bwanji osandiuza kale. Akuti, "Ine ntchito yanga ndi kumva, kuyankhulaku ndayamba lero."

Ndiye ndatsika, mwadzidzidzi ndili mu ofesi ya a Chimbalanga, pansi pali madeya okhaokha. Bwanawo akundiuza kuti ndikhale, koma khosi lawo likufiira, likulendewera, tayi akumira m'nthenga, mpaka pampando panatsala nkhukutembo yovala mawotchi awiri. Kunsi kwa tebulo kuli nkhuku yakuda yomangidwa ndi luzi. Nditangoiona ndinadziwa kuti ndi nyimbo yanga, musandifunse kuti ndinadziwa bwanji. Inandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwachedwatu."

Nkhukutembo ija inadzitukumula. "Chemwali, paja zonse tinachita kukubwereka. Bweza."

Ndiye wigi ija anandiveka pojambula vidiyo ya nyimboyo inanyamuka yokha pamutu panga n'kutulukira pawindo. Nsapato zazitali zija zinavuka, imodzi inacheuka pakhomo, akuti, "Pepani, ifenso ndi aganyu." Dzina lija anandipatsa loti Kwini Dii anachita kulimatula pachipumi ngati pulasitala, ndipo zinawawa, ndisaname. Kenako nkhukutembo inapana nkhuku yanga n'kuyamba kuisolola biti kukamwa: ng'oma, besi, kiyibodi, mpaka kamawu kaja amakuwa koyambirira kwa nyimbo zawo zonse koti Nyenyezi Zitatu. Kameneko ndinati tengani, kankandinyansa kale.

Nkhuku yanga inatsala mafupa okhaokha, ikunjenjemera. Apa mantha anandigwira, ndinati basi indifera m'maso muli gwa.

"Kwatsala mawu," inatero nkhukutembo. "Anajambulidwa muno. Yasamula."

Ndinati, "Bwana, mawuwa munawapeza. Ndinkaimba nawo ndikutsuka mbale inu musanagule n'kompyuta yomwe."

"Yasamula."

Ndiye ndinayasamula dala kuti ikadzionere yokha. Inalowetsa mutu, kenako thupi lonse, ine ndikuimva ikuyendayenda m'kati, ikutsegula zitseko. Mwadzidzidzi inakuwa. M'menemo inakumana ndi malemu mayi anga ali ndi kwaya yawo yonse, zitenje zili m'chiuno, ali pakati pophunzira nyimbo ya Lamulungu. Ndinamva mayi akufunsa mwaulemu kuti, "Kodi bambo, munaodira?" Kenako phaa, buku la nyimbo pamutu. Inatuluka chothawa, nthenga zili mbwee, wotchi imodzi palibe.

Ine ndinamasula luzi, nkhuku kukhwapa, ulendo. Nkhukutembo ikukalipa kumbuyo kuti palibe wailesi idzaiulutse, ine osacheuka, ndikuponda phula wotentha chopanda nsapato. Pageti mlonda anali atasanduka gulo. Ndinamufunsa ngati andigwire, anagwedeza mutu. Ndinamufunsa ngati ndidutse, anagwedezanso mutu. Ndinadutsa.

Ndiye msewu uja unasanduka bwalo la kwathu ku Chilobwe. Khamu ladzaza mpaka pamadenga, koma ndikayang'anitsitsa ndi matsache okhaokha. Tsache lina lokutha, lomangidwa ndi mphira, linati, "Imbani, achemwali, tikuchedwa kuntchito." Ndinati biti andilanda. Akuti, "Biti yake iti? Ife m'mawa uliwonse timagunda yathu, sitinapemphepo kwa munthu." Ndiye anayamba onse pamodzi, shwa, shwa, shwa, fumbi lili koboo. Ndinaika nkhuku pansi n'kuyamba ndime yoyamba. Pofika pakolasi nkhuku ija yaimirira, yakula ngati ng'ombe, ikuvina mpaka malata akulira. Mtima wanga unachita kudzaza, ndinauza gulo uja, amene anali atanditsatira, kuti thamanga ukawauze a Chimbalanga abwere adzalande matsachewa tione.

Mwadzidzidzi fumbi linandilowa m'mphuno, ndinayetsemula, n'kudzidzimuka ndili pabedi panga, wigi palibe, dzina palibe, foni ili zii. Koma shwa, shwa uja sanasiye. Anali Anachisale, aneba aja amadandaula tsiku ndi tsiku kuti ndimawasokosa, akusesa pakhomo pawo. Ndinatchera khutu. Ankaimba kolasi ya Geti Labuluu chapansipansi, motsatira tsache, mawu ena akuphonya. Sindinadzuke kukawakonza. Ndinangogona chagada n'kuwamvetsera mpaka anamaliza bwalo lonse, kenako iwo n'kuiyambiranso nyimboyo.